ULENDO WA KU MWEZI: OLOTA NDI OKUMBA

Pa 4 Okutobala 1957 dziko la Russia linaponya kumwamba kampira kacitsulo kochedwa Sputnik. Kulemera kwace kunali mapaundi 184, ndipo kanali kuzungulira dziko lonse lapansi pa mphindi 96 cabe. Anthu amene anali ndi mawailesi amphamvu anakamva kali kulira monga nkhululu usiku, kwa masabata atatu, kufikira mabatire ace anatha mphamvu. Ambiri anayesa kuti nzeru imeneyi yangomera tsiku limodzi ngati bowa, koma sizinatero iai. Akatswiri amene anatsegula njira ya kumwamba, ambiri a iwo poyamba anali anyamata okonda nthano za m'mabuku ndi zithunzi za kanema, ndipo atakula anafuna kuona ngati nthanozo zingatheke. Mbiri yao imanenedwa kawiri-kawiri. Pali mbiri inanso, ya anthu amene anakumba pansi kuti anzao akwere kumwamba, ndipo imeneyo inakhala yokwiririka zaka zambiri.

Ciyambi cace cinali buku la Jules Verne, mlembi wa ku France, limene linaturuka m'caka ca 1865 ndi dzina lakuti De la Terre à la Lune, ndiko kunena ulendo wocokera pa dziko kunka ku mwezi. Nthano za anthu opita ku mwezi zinalipo ndi kale lomwe, ena atanyamulidwa ndi mbalame, ena ndi kamvuluvulu. Verne anasiyana ndi anzace pakuti iye anacita masamu. M'nthano yace muli amuna a mu mzinda wa Baltimore, opanga mizinga, amene anasowa cocita itatha nkhondo ya paciweni-weni ya ku America. Iwo anapangana kupanga mzinga waukuru koposa yonse ndi kuombera cipolopolo ku mwezi. Verne anawerengera liwiro loyenera kuti cinthu cipulumuke ku mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, napeza kuti ndi mailosi ngati 7 pa sekondi imodzi, ndipo sanaphonye kweni-kweni. Mzingawo anauika ku Florida, nalowetsa amuna atatu m'cipolopolo ca aluminiyamu. M'buku laciwiri amunawo anazungulira mwezi nabwera kudzagwa m'nyanja ya Pacific.

Popeza mzinga wotere sukadaima pamtunda, anthu a m'nthanoyo anayamba akumba dzenje lakuya mapazi 900, miyezi 8 yathunthu, natsanuliramo citsulo cosungunula. Verne ananenako m'mau owerengeka cabe kuti ena mwa okumbawo anafera pa nchitoyo, ndipo pomwepo anapitirira ndi nkhani ya akuru-akuru ace. Owerenga ambiri sakumbukira n'komwe kuti mau amenewo alimo.

Mlembi wina anali H. G. Wells wa ku England. Iye sanasamale masamu, koma anasamala za anthu. M'buku lace la 1898, The War of the Worlds, zamoyo za ku Mars zinabwera ndi zida zoopsa n'kuyamba kupulula anthu a ku England, ndipo Wells anakumbutsa owerenga ace kuti Azungu anacita zomwezo kwa eni dziko a ku Tasmania. M'caka ca 1901 analemba The First Men in the Moon. M'menemo mwezi uli ndi golide wambiri, ndipo eni ace akhala m'mapanga pansi pa nthaka. Ali yense amaumbidwa thupi kuyambira ukhanda kuti ayenere nchito imodzi yokha, ndipo anchito akasowa cogwira amawamwetsa mankhwala ogonetsa kufikira tsiku limene adzafunikanso. Munthu amene anacotsedwapo nchito pa mgodi mtengo wa kopa utatsika sangafune womumasulira fanizo limeneli.

Kanema sanacedwe kutola nkhaniyi. Georges Méliès, wocita masewera odabwitsa anthu mu Paris, anasanganiza nthano ya Verne ndi ya Wells napanga cithunzi cacifupi m'caka ca 1902, m'mene cipolopolo cilasa mwezi m'diso. Cithunzico cinachuka kwambiri, koma amalonda a ku America anacikopera naciwonetsa osampatsa ndalama mwini wace. Pa ukalamba wace Méliès anali kugulitsa zidole ndi maswiti pa sitesheni ya njanji ya Montparnasse.

Tsono mabuku amenewa anagwera m'manja mwa anthu atatu osadziwana, m'maiko atatu.

Woyamba anali Konstantin Tsiolkovsky, mphunzitsi wa masamu m'tauni ya Kaluga ku Russia. Iye anagontha makutu ali mwana cifukwa ca matenda, naphunzira yekha m'nyumba ya mabuku ku Moscow, ali kudya buledi wouma. Mwini wace anacitira umboni kuti Verne ndiye anabzala maganizo a kumwamba mu mtima mwace. M'caka ca 1903 anasindikiza masamu osonyeza kuti cofunika ndi roketi, osati mzinga. Mlenje adziwa kuti mfuti ikalira imakankha phewa lace. Roketi iyenda ndi mphamvu yomweyo: imalavula moto kumbuyo, ndipo moto womwewo umaikankhira kutsogolo. Ikanyamula mafuta ace pamodzi ndi mpweya wa okosijeni woyatsira mafutawo, ikhoza kuyenda ngakhale kumwamba kumene kulibe mpweya uli wonse. Anthu ocepa okha ndiwo anawerenga zimenezi pa nthawiyo. Pofuna kuti amveke, Tsiolkovsky nayenso analemba nthano za ulendo wa kumwamba, ndipo asanamwalire m'caka ca 1935 anali kulangiza anthu opanga cithunzi ca kanema ca ulendo wa ku mwezi.

Waciwiri anali Robert Goddard wa ku America, amene anawerenga buku la Wells la zamoyo za ku Mars ali ndi zaka 16. Pa 19 Okutobala 1899 anakwera mu mtengo wa zipatso kukasadza nthambi, ndipo ali m'mwambamo anayamba kulingalira za makina okhoza kufika ku Mars. Tsiku limenelo analikumbukira caka ndi caka moyo wace wonse. Pamene analemba kuti roketi ikhoza kufika ku mwezi, nyuzipepa ya New York Times inamseka m'caka ca 1920, niti mphunzitsi ameneyu sadziwa ngakhale zimene ana a sukulu adziwa, pakuti kumwamba kulibe mpweya woti roketi itsamirepo. Pa 16 Marichi 1926, pa munda wa mbale wace ku Auburn, Goddard anaulutsa roketi yoyamba ya mafuta amadzi. Inakwera mapazi 41, nigwa m'munda wa kabichi patapita masekondi awiri ndi theka. Nyuzipepa ija inabweza mau ace pa 17 Julayi 1969, pamene anthu anali kale pa ulendo wa ku mwezi, Goddard atagona m'manda zaka 24.

Wacitatu, amene nkhani yace inabala zazikuru ndi zoopsa, anali Hermann Oberth, wa mtundu wa anthu a ku Germany okhala ku Transylvania. Iye anawerenga Verne ali ndi zaka 11, nabwereza-bwereza kufikira analoweza mbali zambiri. Pambuyo pace anatenga pensulo kuti ayese masamu a m'bukumo, napeza colakwa cacikuru. Amene amakwera kheji pa mgodi adziwa m'mene maondo amalemerera kheji ikanyamuka mofulumira. Cipolopolo ca Verne cikadayenera kupeza liwiro lace lonse pa mapazi 900 okha, ndipo anthu a m'katimo akadalemera kuposa kale nthawi zikwi zambiri, n'kuphwanyika monga phala. Roketi iposa mzinga pakuti imaonjezera liwiro pang'ono-pang'ono, monga momwe thupi la munthu lingapiririre. Akuru a sukulu yapamwamba ya Heidelberg anakana zolemba za Oberth, cotero iye anazisindikiza monga kabuku m'caka ca 1923, ndipo kabukuko kanayatsa moto pakati pa anyamata a ku Germany. M'caka ca 1927 anakhazikitsa bungwe la okonda ulendo wa kumwamba.

Pamenepo panabwera Fritz Lang, wopanga zithunzi za kanema wochuka koposa m'dzikomo, ndi mkazi wace Thea von Harbou, amene analemba nthano ya Frau im Mond, ndiye kuti mkazi wa pa mwezi. Mutu wa nthanoyo ndi golide: mphunzitsi wina wokalamba akhulupirira kuti m'mapiri a pa mwezi muli golide, ndipo kagulu ka anthu acuma kalowerera ulendowo kuti cumaco cikhale cao. Lang anafuna kuti roketi ya m'cithunzimo ioneke yoona, naitana Oberth kudzakhala mlangizi. Anampatsanso ndalama kuti apange roketi yeni-yeni yoti iuluke pa tsiku loyamba kuonetsa cithunzico. Oberth anali munthu wa masamu, wosazolowera zitsulo ndi sipanala. Mafuta anamphulikira napweteka diso, nthawi inamthera, ndipo roketiyo sinauluke. Cithunzi cokha ndico cinaonetsedwa ku Berlin mu Okutobala 1929.

Komatu cinasiya cizolowezi cimodzi cimene ciripo kufikira lero. Pofuna kuti mitima ya oonerera ikhale m'mwamba, Lang anawerengetsa masekondi otsiriza cobwerera m'mbuyo, kutsika kufikira roketi inyamuka. Akatswiri anaona kuti kuwerenga kotere n'kothandiza pa nchito, popeza munthu ali yense adziwa nthawi imene yatsala, ndipo anakutenga. Mwambo umene anthu amayesa wa sayansi unabadwira m'nyumba ya kanema.

Mmodzi mwa anyamata othandiza Oberth m'caka ca 1930 anali Wernher von Braun, mwana wa banja lolemera, wa zaka 18. Iye ku sukulu anali wofooka pa masamu, koma atatsegula kabuku ka Oberth napeza manambala okha-okha, analimbikira kufikira anaposa anzace. Bungwe lao linali losauka, loyesera tiroketi tating'ono pa malo osiyidwa m'mphepete mwa Berlin. Ndalama zinali ndi asilikari. Pangano la Versailles, limene linatsiriza nkhondo yoyamba ya dziko lonse, linaletsa Germany kukhala ndi mizinga ikuru-ikuru, koma za roketi silinachule kanthu. M'caka ca 1932 von Braun analowa nchito ya asilikari, ndipo Hitler atatenga ufumu caka cotsatira, iye anakhalabe pa nchitoyo, nalowa cipani ca Nazi, pambuyo pace nalowanso gulu la SS. Pa 3 Okutobala 1942, ku Peenemünde m'mbali mwa nyanja ya Baltic, roketi yace yaikuru inauluka bwino kwa nthawi yoyamba. Pa thupi lace anajambulapo mkazi atakhala pa mwezi, kukumbukira cithunzi ca Lang. Roketi imeneyi ndiyo inachedwa V-2, ndipo katundu wace anali bomba lolemera pafupi-fupi tani imodzi.

Apa ndipo nkhani itsikira pansi pa nthaka. Mu Ogasiti 1943 ndeke za Britain zinaphulitsa Peenemünde, ndipo akuru a Nazi analamula kuti maroketi azipangidwira kumene mabomba sangafike. Anasankha phiri la Kohnstein, pafupi ndi tauni ya Nordhausen, m'mene munali mapanga a mgodi wakale amene boma linali litawakuza kuti lisungiremo mafuta. Munali njira ziwiri zazikuru, iri yonse kutalika kwace ngati mailo imodzi, ndi zina zambiri zopingasa. Okuza mapangawo ndi kuikamo makina anali akaidi ocokera ku ndende ya Buchenwald, anthu a ku Russia, Poland, France ndi maiko ena. Malowo anachedwa Dora.

Miyezi yoyamba kunalibe nyumba kunja, cotero akaidi anali kugona m'mapanga momwemo, pa matandala osanjikiza, pamene anzao anali kuboola ndi kuphulitsa miyala pafupi pomwepo usana ndi usiku. Shifiti inali ya maora 12. Madzi osamba kunalibe, zimbudzi zinali migolo yodula pakati, ndipo ambiri anakhala masabata osaona dzuwa. Wa pa mgodi ali yense adziwa cimene fumbi la mwala limacita m'cifuwa ngati palibe madzi othira pobowola ndi mphepo yoloweza pansi. Kumeneko kunalibe amene anasamala zimenezo, pakuti wakufa anali kulowedwa m'malo ndi wina wocokera ku Buchenwald. Cibayo, cifuwa cacikuru, kamwazi ndi njala zinawatha. Oganiziridwa kuti aononga makina dala anapacikidwa, ena pa makina onyamulira katundu m'phanga momwemo, anzao ali kupenya. Mwa akaidi ngati 60,000 amene anapyola m'ndende ya Dora ndi nthambi zace, pafupi-fupi 20,000 anafa. Anthu amene anafa popanga V-2 anacuruka kuposa amene anaphedwa nayo pa nkhondo. Von Braun analowamo m'mapangamo kangapo, ndipo anaona ndi maso ace.

Maroketi oposa 3,000 anaponyedwa, maka-maka pa London ndi pa Antwerp. Imene inapha anthu ambiri pa nthawi imodzi inagwa pa 16 Disembala 1944 pa nyumba ya kanema yochedwa Rex mu Antwerp, anthu ali kuonerera cithunzi ca makaubhoyi. Anafa anthu 567.

Ku Russia nakonso mgodi unalowa m'mbiriyi, koma mwa njira yina. Sergei Korolev, amene anali kutsogolera anyamata oyesa maroketi ku Moscow, anamangidwa m'caka ca 1938 pa milandu yonama m'masiku a Stalin. Anamtumiza ku Kolyma, dziko la cisanu coopsa kum'mawa kwa Siberia, kukakumba golide monga mkaidi. Anakhalako miyezi yowerengeka cabe, koma anabwerako mano atagweruka ndi ciseyeye, thupi litatheratu. Anamsunga m'ndende ya akatswiri kufikira 1944. Munthu ameneyu ndiye anapanga roketi imene inanyamula Sputnik, ndi galu Laika mwezi wotsatira, ndi Yuri Gagarin pa 12 Epulo 1961, amene anazungulira dziko pa ulendo wa mphindi 108. Injini za roketiyo anapanga ndi Valentin Glushko, amenenso anayamba ndi kuwerenga Verne ali mnyamata, nalembera kalata Tsiolkovsky wokalamba uja. Boma linabisa dzina la Korolev, ndipo anthu a dziko lace analidziwa iye atamwalira mu Januwale 1966.

Von Braun sanabisike cotero. M'caka ca 1945 anadzipereka kwa asilikari a America, amene anamtenga pamodzi ndi anzace oposa 100 ndi zitsulo za V-2 zocokera m'mapanga aja. Iye anali ataphunzira kwa Lang kuti anthu amayamba akonda nthano asanalole kuti ndalama zao za msonkho zipite ku cinthu. Cotero analemba nkhani za ulendo wa kumwamba m'magazini ya Collier's kuyambira 1952, ndipo m'caka ca 1955 anaonekera pa televizhoni m'zithunzi za Walt Disney, ali kufotokoza maroketi kwa mabanja mamiliyoni ndi nkhope yokondwa. Za Dora sizinachulidwe. Sputnik itadzidzimutsa America, roketi ya gulu lace ndiyo inakweza kamwezi koyamba ka dzikolo pa 31 Januwale 1958.

Kuti maloto okha sakwanira cinaonekanso m'Zambia muno. M'caka ca ufulu, 1964, Edward Makuka Nkoloso, amene anali mphunzitsi, msilikari wa nkhondo yaciwiri ndi womenyera ufulu, analengeza kuti adzatumiza ana a Zambia ku mwezi ndi ku Mars. Anali kuzolowetsa anyamata ace pafupi ndi Lusaka powakunkhuniza m'mgolo pa citunda, napempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma sanalandire kanthu. Manyuzipepa a kunja anamseka. Iye analibe masamu a Oberth, zimenezo n'zoona. Komanso analibe boma lofuna bomba louluka, limene ndilo linalipirira maloto a anzace a ku Ulaya.

Mu Disembala 1968 amuna atatu a mu Apollo 8 ananyamuka ku Florida, nazungulira mwezi, nabwera kudzagwa m'nyanja ya Pacific, monga momwe Verne analembera zaka 100 m'mbuyomo. Mu Julayi 1969 Neil Armstrong ndi Edwin Aldrin anaponda pa mwezi, ndipo pobwerera Armstrong anachula dzina la Verne polankhula ndi anthu a pa dziko. Oberth, nkhalamba ya zaka 75, anali pakati pa alendo oonerera kunyamuka kwao. Roketi imene inawanyamula, Saturn V, inali ya gulu la von Braun, ndipo woyang'anira kapangidwe kace anali Arthur Rudolph, yemweyo amene anali kuyang'anira nchito yopanga V-2 m'mapanga a Kohnstein. Boma la America linafufuza mbiri yace patapita zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1984 iye anacoka m'dzikomo nataya unzika wace, m'malo moima pa bwalo la milandu. Von Braun anali atamwalira kale m'caka ca 1977, ali ndi ulemu wace wonse.

Maulendo 6 a Apollo amene anatera pa mwezi anabwera ndi miyala ndi dothi zolemera mapaundi 842. Mapiri a golide a Wells ndi Thea von Harbou sanapezeke, ndipo yambiri mwa miyalayo isungidwa ku Houston, kumene akatswiri amaipima. Ku Kohnstein asilikari a Russia anagumula makomo a mapanga nkhondo itatha, ndipo phirilo linakhala lotsekeka zaka zambiri. Pambuyo pace anaboola khomo latsopano kuti alendo azilowa kukaona. M'katimo muli zidutswa za injini za V-2, ziri gone m'madzi ndi m'matope, zitacita dzimbiri.